Momwe mungakonzerenso ndege yaikulu ya rimoti yoyendera petulo kuti iulukenso

Ndege ya rimoti ya injini ya 50cc, monga Extra 300 imene ambiri amaikonda pa masewero otembenuka mumlengalenga, si chidole cha ana ayi. Mapiko ake amatambalala mamita oposa awiri, imalemera makilogalamu 7 kapena 8, ndipo kumphuno kwake kumazungulira pulopela ya mainchesi 22 kapena 23 imene ingathe kudula chala cha munthu wamkulu. Inatengera maonekedwe a ndege yeniyeni imene Walter Extra anakonza ku Germany ndipo inayamba kuuluka mu 1988. Munthu wa kuno kwathu akapeza ndege yotere, kawirikawiri imakhala yoti wina anaigwiritsapo kale ntchito, mwina yabwera ndi m'bale wochokera ku Johannesburg itatha zaka zingapo ili yopachikidwa m'galaja. Kunja imatha kuoneka yonyezimira, koma akulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ntchito yeniyeni yoikonzanso ili pa zinthu zobisika, ndipo kukongoletsa kunja kuyenera kudikira mpaka zam'kati zitatsimikizika.

Phwasulani ndi kuyendera zonse musanagule kanthu

Poyamba jambulani ndi foni mmene mawaya, mapayipi ndi timitengo tokankha ziwongolero zayendera, chifukwa pakatha mwezi simudzakumbukira. Kenako chotsani mapiko, chivindikiro cha injini, injiniyo, thanki, mabatire ndi ma servo onse (timamota toyendetsa ziwongolero), ndipo mabawuti a malo alionse muwaike m'kathumba kakekake kolembedwa dzina. Walitsani tochi m'kati mwa thupi la ndege mpaka kumchira. Fufuzani mawaya otafunidwa ndi makoswe, njira za chiswe, ndiponso zisa za dothi zimene mavu amamanga m'payipi yotulutsa utsi. Gwirani phiko kumutu ndi kunsonga, mulipotoze pang'ono kwambiri mukumvetsera: likamalira kuti tswa tswa, ndiye kuti nthiti zina zamatuka kapena zathyoka. Mpope wa kaboni kapena wa aluminiyamu umene umalumikiza mapiko awiri muugubuduze pa tebulo losalala, ndipo ngati wapindika kapena uli ndi mng'alu, musayese kuuwongola, gulani wina. Mukamaliza kuyendera m'pamene mungalembe mndandanda wa zogula, popeza zipangizo zambiri zimachokera kunja ndipo kuitanitsa kawiri n'kuwononga ndalama ndi nthawi.

Matabwa, makamaka pamene pamakhala injini

Pano m'pofunika kudekha kuposa pena paliponse. Thupi la ndegezi limapangidwa ndi pulayiwudi wopyapyala ndi mtengo wopepuka kwambiri wa balsa, ndipo injini imamangiriridwa pa thabwa lolimba lotchedwa firewall. Injini ya silinda imodzi imanjenjemera kwambiri, moti pakapita zaka guluu wa m'makona a thabwali amayamba kulekana ndi mtengo, ndipo oyilo amalowa m'ming'alu imeneyo. Ndinatsegulapo ndege ina imene thabwa lake linkaoneka bwinobwino, koma nditalikanikiza ndi chala chachikulu pakona panatuluka kadontho ka oyilo wakuda, ndipo nditakoka ndi mphamvu pang'ono mbali yonse inamatuka. Ikanauluka tsiku limenelo, injini ikanachoka yokha mumlengalenga.

Guluu sagwira pa mtengo wonyowa ndi oyilo, choncho yambani ndi kuuyamwitsa. Sakanizani ufa wosalala wa chimanga ndi spiriti mpaka zikhale ngati phala, mupake pamalopo, musiye usiku wonse, m'mawa mupukute ndi burashi. Bwerezani katatu kapena kanayi mpaka ufawo uziuma uli woyera. Ngati mtengo wafewa moti chikhadabo chikulowa, musaunyengerere: dulani mbali imeneyo, muigwiritse ntchito ngati chojambulira, ndipo mucheke ina pa pulayiwudi wa ndege wokhuthala mofanana. Pomata gwiritsani ntchito guluu wa epoxy wouma pa mphindi 30, osati wa mphindi 5, chifukwa wochedwa kuumayo amapeza mpata wolowerera m'mtengo. M'makona onse ikanimo timitengo ta ngodya zitatu, kenako boolani timabowo kuchokera m'mbali mwa bokosi la injini kulowa m'mphepete mwa thabwalo, mukhomemo tizisonga ta nsungwi topaka epoxy. Samalani kuti thabwa latsopano lipendekeke monga linalili lakale, popeza injini imayang'ana dala kumanja ndi madigiri awiri kapena atatu pofuna kulimbana ndi mphamvu ya pulopela imene imakokera ndege kumanzere. Mukatha, pakani malo onsewo epoxy wosungunula ndi spiriti pang'ono kuti mafuta asalowenso.

Chitaninso chimodzimodzi pa thabwa limene miyendo ya matayala imamangiriridwapo, chifukwa ndi limene limalandira nkhonya yonse potera. Nthiti zothyoka za m'phiko zimatidwe ndi supaguluu wamadzimadzi, ndipo chigamba cha balsa chiikidwe motsata mizere ya mtengo wakalewo. Kumchira musathire guluu mowolowa manja. Galamu imodzi yowonjezera kumchira imafuna magalamu atatu kapena anayi kumphuno kuti ndege ilingane, ndipo ndege yolemera sichita bwino masewero.

Mahinjesi

Kokani chiwongolero chilichonse, kaya ndi aileron (cha pa phiko), elevator (cha kumchira chokweza ndi kutsitsa ndege) kapena rudder (cha kumchira chokhotetsa ndege), mwamphamvu ndithu, monga mukufuna kuizula. Hinjesi imene yasuntha ngakhale pang'ono ichotsedwe, ndipo ine ndimakonda kusintha onse a chiwongolero chimenecho nthawi imodzi. Poika atsopano a mtundu wa Robart, pakani Vaseline pang'ono pamene amapindikira kuti epoxy asawaumitse. Mpata wa pakati pa phiko ndi chiwongolero mudzautseke ndi kachidutswa ka pulasitiki yokutira. Chiwongolero chogwedera chimayamba kunjenjemera ndege ikathamanga, ndipo m'masekondi ochepa chimatha kung'amba phiko lonse.

Kukuta

Ngati pulasitiki yakale yangochita makwinya, kutentha pang'ono kumaikunganso. Ngati yayamba kuphwanyika ikagwiridwa kapena yamatuka m'mphepete, isendeni yonse mukuitenthetsa pang'onopang'ono kuti utoto wake usatsalire pa mtengo. Kwechani ndi sandipepa wosalala, muchotse fumbi lonse, ndipo mukute ndi Oracover kapena ina yofanana nayo kuyambira pansi kupita pamwamba, kumbuyo kupita kutsogolo, kuti milomo ya zidutswa iyang'ane kumene mphepo ikupita. Guluu wa Oracover amagwira simbi ikatentha pafupifupi madigiri 100, pamene kukungika kumayamba cha m'ma 150, choncho matani m'mphepete monse ndi moto wochepa musanayambe kukunga pakati. Pansi pa mapiko pakhale mtundu wosiyana kwambiri ndi wa pamwamba, monga mizere ikuluikulu yakuda ndi yoyera, kuti ndege ikatembenuka ili kutali muzidziwa msanga mbali imene mukuiona.

Thanki ndi injini

Mapayipi onse a mafuta achotsedwe osawaganizira kawiri, kuphatikizapo ya m'kati mwa thanki imene kumapeto kwake kuli kachitsulo kolemera kotsata mafuta ndege ikatembenuka chadodolido. Payipi imeneyi ikauma siipindikanso, ndipo injini imazima pa nthawi yoipitsitsa. Gwiritsani ntchito payipi ya Tygon kapena ya Viton. Ya silikoni ndi ya injini za mafuta a methanol, ndipo petulo amaitupitsa. Chotsekera cha labala cha pakamwa pa thanki chikhalenso cha petulo. Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife chifukwa petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amaumitsa msanga mapayipi ndi labala. Muzisintha payipi ya m'thanki chaka chilichonse, ndipo polumikiza paliponse mumange ndi kawaya kopyapyala.

Injini zambiri za kukula kumeneku, monga DA-50 ndi DLE-55, zimagwiritsa ntchito kabuleta ya mtundu wa Walbro, yofanana ndi imene imapezeka m'macheka a injini ndi m'makina otchetchera udzu. Ichi n'chothandiza, chifukwa tizipangizo toikonzera tingapezeke kwa ogulitsa makina amenewo, bola nambala yodindidwa pa kabuleta igwirizane. M'kati mwake muli timapepala ta labala topyapyala timene timapopa ndi kuyeza mafuta, ndipo tikauma timalira ngati pepala mukatikhudza. Sinthani tonse, mutsuke kasefa kakang'ono ka m'katimo, ndipo mubwezere chilichonse mu ndondomeko imene munachipezera. Zungulitsani injini ndi dzanja mumve ngati ikukana bwino pofinya mpweya, ndipo gwedezani shafti: ikamasewera m'mbali kapena kumveka ngati muli mchenga, mabering'i atha. Ikani pulagi yatsopano ya NGK CM-6 yokhala ndi mpata wa pafupifupi theka la milimita. Kachipangizo kamene kamawerenga maginito a pa shafti musakasunthe popanda chifukwa, ndipo ngati mwakakamizika kukachotsa, lembani chizindikiro pamene kanali. Mabawuti omangira injini apakidwe Loctite wabuluu, guluu woletsa mabawuti kumasuka. Pulopela imene inagundapo pansi itayidwe, ndipo yatsopano ilinganizidwe kulemera kwa mbali zake ziwiri isanaikidwe.

Magetsi ndi ziwongolero

Mabatire akale musawakhulupirire ngakhale akuonetsa kuti adzaza. Gulani atsopano, limodzi la risiva (kachipangizo kolandira malamulo a rimoti) ndi ma servo, lina la moto wa pulagi palokha, ndipo onetsetsani kuti zipangizo zanu zikulola mphamvu yake, kaya ndi ya 6.6V ya LiFe kapena 7.4V ya LiPo. Maswichi akale nawonso asinthidwe, popeza kunjenjemera kumawadya m'kati mosaoneka. Servo iliyonse muiyendetse pang'onopang'ono mukuikaniza ndi chala; imene ikudumpha, kulira mwachilendo kapena kusabwerera pakati ichotsedwe. Pa ndege yotere pamafunika ma servo a magiya achitsulo a mphamvu ya makilogalamu 20 kapena kuposerapo pa sentimita. Zingwe ziwiri zokoka rudder zikhale zokungika moyenera, zosalendewera komanso zosakoka mopitirira. Ngati ndege inabwera ndi wailesi yakale ya 35MHz kapena 72MHz, ikani ya 2.4GHz. Bokosi la moto wa pulagi ndi batire lake zitalikirane ndi risiva pafupifupi masentimita 30. Chinthu chimene sindingalole kuti chisowe ndi swichi yozimitsira injini kuchokera pa rimoti, pamodzi ndi kutchera risiva kuti ikataya kulumikizana injini itsike kapena izime yokha. Yesani zimenezi pozimitsa rimoti injini ikulira, wina atagwira ndege.

Kulinganiza kulemera

Lumikizani ndege yonse, thanki ili yopanda mafuta, ndipo inu ndi mnzanu muinyamule ndi zala pamalo amene buku lake likunena. Pa ndege zambiri za mtunduwu malowa ali pa mpope wa mapiko kapena pafupi nawo, cha pakati pa 25 ndi 33 peresenti ya mulifupi wa phiko kuchokera kutsogolo. Pa ulendo woyamba ndi bwino mphuno ilemereko pang'ono, chifukwa ndege yolemera kumchira imavuta kuigwira. Sunthani mabatire musanaganize zowonjezera mtovu. Inyamuleninso pa shafti ya pulopela ndi kumchira kuti muone ngati phiko limodzi likugwa, ndipo kulemera kochepa kuikidwe kunsonga ya phiko lopepukalo.

Kuliza injini ndi ulendo woyamba

Sakanizani petulo ndi oyilo wabwino wa injini za 2-stroke pa mlingo umene wopanga injini ananena, umene kawirikawiri umakhala pakati pa 30 kwa 1 ndi 50 kwa 1. Mangirirani mchira ku chikhomo cholimba, valani golovesi yokhuthala, ndipo pasaime munthu kutsogolo kapena m'mbali mwa pulopela. Masingano awiri a kabuleta oyeza mafuta, olembedwa L ndi H, ayambire pamene buku likunena, nthawi zambiri pafupifupi kuzungulira kamodzi ndi theka kuchokera potsekeka, ndipo muziwasuntha pang'ono kwambiri injini itazima. Musadalire mmene mwini wake wakale anawasiyira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, Lilongwe ndi Blantyre cha m'ma 1,000, pamene m'mphepete mwa nyanja ya Malawi simufika mamita 500. Injini yotcheredwa kumene mpweya uli wopepuka imaperewera mafuta ikatsikira kumunsi, ndipo imatentha mpaka kuwonongeka. Injini yabwino imalira mokhazikika mukatsitsa mafuta ndipo imakwera osatsamwa mukakankha mafuta mwadzidzidzi.

Musanauluke, funsani ku ofesi yoyang'anira za ndege za malamulo a ndege zopanda munthu, ndipo sankhani bwalo lalikulu lotalikirana ndi nyumba, misewu, mawaya a magetsi ndi bwalo la ndege. Ana amathamangira phokoso la injini, choncho pakhale munthu wowaimika kumbuyo kwanu. Yesani kutalika kumene wailesi ikufika injini itazima komanso ikulira. Imani kumbuyo kwa ndege mutsimikize kuti mukakankhira kumanja aileron ya kumanja ikukwera, ndipo mukakokera kwa inu elevator ikukwera. Yambani ndi ziwongolero zoyenda pang'ono, elevator isapitirire madigiri 15. Ngati simunaulutsepo ndege ya kukula kotere, perekani rimoti kwa amene anazolowera. Sankhani m'mawa mphepo isanayambe, kwerani m'mwamba ndithu, wongolani kuti iziyenda yokha mowongoka, ndipo muyese kuichedwetsa kuti mudziwe liwiro limene imayamba kugwetsa phiko. Terani pakatha mphindi zisanu, muchotse chivindikiro cha injini, mukhwimitsenso mabawuti a pulopela, a injini ndi a payipi ya utsi, mukoke mahinjesi, ndipo muwalitse tochi m'makona a thabwa la injini lija kuti muone ngati epoxy wagwira.