Kusankha Labotale ya Khansa ya M'matumbo Mukamaliza PhD

Ntchito ya postdoc, imene ndi kafukufuku amene munthu amachita akamaliza PhD, nthawi zambiri imakhala ya zaka 2 kapena 3. Pa kafukufuku wa mankhwala a khansa ya m'matumbo akulu, imeneyi ndi nthawi yochepa, choncho funso limene mwasankha liyenera kukhala loyankhika ndi zipangizo zimene labotale ili nazo kale.

Yambani ndi pamene odwala akusowa thandizo. Zotupa za mtundu wa MSI-high, zimene maselo ake amalephera kukonza zolakwika mu DNA, zimamva mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, ndipo mu 2020 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza pembrolizumab kukhala mankhwala oyambira kwa odwala otere amene khansa yafalikira. Koma mwa odwala onse amene khansa yafalikira, oterewa ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse. Otsalawo ali ndi zotupa za MSS, zopanda vuto la DNA limeneli, zimene sizimva mankhwalawa, ndipo ntchito yaikulu ili pamenepo. Palinso jini ya KRAS, imene imapezeka itasintha mwa odwala pafupifupi 40 pa 100, ndipo pa iwo cetuximab, yotseka puloteni yokulitsa maselo yotchedwa EGFR, payokha sithandiza. Mankhwala otseka KRAS G12C, mtundu umodzi wa kusintha kumeneku, akaperekedwa okha, EGFR imadzutsanso njira yokulitsa maselo imene mankhwalawo anatseka, chotupa n'kupitiriza kukula. N'chifukwa chake adagrasib, yotseka KRAS G12C, inavomerezedwa mu 2024 yophatikizidwa ndi cetuximab.

Musanavomere ntchito, funsani mkulu wa labotale ngati ali kale ndi chilolezo chogwiritsa ntchito zidutswa za zotupa za odwala ndiponso choyesera pa mbewa. Akati "tikupempha", dziwani kuti miyezi ingapo ipita mukungodikira. Funsaninso ngati amalera ma organoid (timagulu ta maselo tofanana ndi chiwalo chenicheni) ochokera kwa odwala, njira imene inachokera pa ntchito ya Toshiro Sato ndi Hans Clevers mu 2009, kapena amangodalira maselo akale. Apa ambiri amaphonya: maselo a HCT116 amakula mofulumira ndipo savuta kulera, koma ndi a MSI. Mukayesera pa iwo mankhwala a zotupa za MSS, ounika pepala lanu adzakubwezerani. Maselo a HT-29 ndi a MSS, koma ali ndi kusintha kwa jini kotchedwa BRAF V600E, ndiye muziganizira zimenezo pomasulira zotsatira. Mbewa zopanda chitetezo cha m'thupi nazonso sizingakuuzeni kanthu pa mankhwala odalira chitetezocho. Mwezi woyamba womwewo, pimani maselo ngati ali ndi tizilombo ta mycoplasma, mutsimikizenso mtundu wake ndi STR, njira yopima DNA.

Za ndalama, musadikire chaka chomaliza. Thandizo la Marie Skłodowska-Curie, limene bungwe la European Union limapereka kwa ochita kafukufuku, limafuna kuti musakhale mutakhala m'dziko limene mukupitalo miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayi, ndiye mukafika n'kuzengereza kupempha, mwayiwo umatha. Kambirananinso koyambirira, makamaka polemba, za mbali ya kafukufuku imene mudzatenge pokayambitsa gulu lanu, ndiponso ngati kampani imene ikupereka mankhwala ili ndi mphamvu yochedwetsa kusindikiza zotsatira zanu.