Mwapeza ndalama zakale m'chitini cha agogo? Chitani izi

Mwafunsa momwe mungadziwire mtengo wake. Choyamba, chonde musazikweche ndi mchenga kapena phulusa. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa ndalama yokwechedwa imatsika mtengo ngakhale iwale bwanji.

Kenako zisankheni potengera chaka. Makobiri obooka pakati, olembedwa Rhodesia and Nyasaland, ndi a nthawi ya chitaganya. Za 1964 zokhala ndi nkhope ya Kamuzu ndi za nthawi ya mapaundi ndi masheleni, kwacha isanabwere mu 1971.

Zapepala muzisunge zosapinda, pouma, osamata selotepi ngakhale zitang'ambika.

Mukatero jambulani mbali zonse ziwiri, muyerekeze ndi zithunzi za pa Numista, tsamba la pa intaneti losonyeza ndalama za mayiko osiyanasiyana. Pa eBay, msika wa pa intaneti, yang'anani mitengo yomwe zinagulidwadi, osati yomwe wogulitsa wangotchula.