Kujambula anthu dzuwa lili paliwombo

Anzanga okonda kamera, dzuwa la masana, makamaka la mu Okutobala, limaononga zithunzi za anthu. Maso amalowa mumdima, pachipumi pamanyezimira, diresi loyera la mkwatibwi n'kungoti mbee osaonekanso kasokedwe kake.

Musamuimike munthu padzuwa. Mupititseni pakhonde kapena pakhomo, nkhope iloze kumene kukuchokera kuwala. Pansi pa mtengo wa mango ndi pabwino ngati masamba ali othithikana; akakhala apatalipatali, nkhope imatuluka mawangamawanga. Wina agwire nsalu yoyera chapafupi kuti ibwezere kuwala kumaso. ISO (muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala) ikhale 100, ndipo kamera ikalola, jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zambiri za chithunzi kuti chikonzeke bwino pambuyo pake).

Kamera ikaona zoyera zambiri imadetsa chithunzi chonse, khungu lakuda n'kubisika. Onjezerani exposure (kuchuluka kwa kuwala pachithunzi) pang'ono, mwina +0.7, koma diso likhale pa diresi lija kuti lisayereretu.

Mu Lightroom kapena Snapseed, mapulogalamu okonzera zithunzi, tsitsani Highlights (malo owala kwambiri), kwezani Shadows (malo amdima) pang'ono chabe. Zoyeretsa khungu la munthu pachithunzi mpaka abale ake osamuzindikira, ine ayi, sindigwirizana nazo. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa n'kufika chosaoneka bwino.