Ululu wa m'chinena umene umakula mukakhala pansi

Ngati mwatha miyezi 6 mukumva kuwotcha kapena kubaya ngati singano m'chinena ndi kumalo obisika, mkodzo apima osapeza kanthu, maantibayotiki mwamwa osasintha, vuto likhoza kukhala la mtsempha wotchedwa pudendal. Umadutsa pansi pomwe timakhalira, ndipo ukafinyika umapweteka. Azibambo nawonso amadwala matendawa.

Chizindikiro chake ndi ichi: ululu umakula mukakhala, umachepa mukaimirira kapena kugona.

Chimene chinandithandiza ine ndi chitenje. Chipindeni ngati nkhata yosenzera madzi, koma musatseke kutsogolo, kenako khalani pamenepo kuti thupi litsamire pa mafupa a m'matako, pakatipo pakhale pa mphako. Ndimakwera nacho minibasi kuchoka ku Chitakale mpaka ku Limbe ndipo ndimafika ndili bwino, pomwe kale ndinkafika pa Luchenza ndikulira. Njinga ya kabaza ipeweni kaye, chishalo chimafinya pomwe pali mtsemphapo. Imwani madzi ambiri, idyani mapapaya ndi masamba, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumaukoka mtsemphawu.

Kuchipatala musangoti "m'mimba mukupweteka". Auzeni adokotala kuti mukumva kuwotcha ndipo kumakula mukakhala. Panado ndi Brufen sizichita zambiri pa ululu wa mitsempha. Pali mankhwala ena ngati amitriptyline, omwa usiku, amene amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira. Musagule nokha, akulembereni iwo.

Koma mukatentha thupi, mukataya magazi, mkodzo ukakanika kapena pokhalira pakachita dzanzi, pitani tsiku lomwelo.