Momwe mungawonjezere makina a mphepo pa sola ya pakhomo panu

Amene muli ndi sola mukulidziwa vuto la mitambo. Dzuwa likabisala masiku atatu, mabatire amatsika, invetala n'kuyamba kulira pakati pa usiku. Makina ang'onoang'ono opanga magetsi ndi mphepo angathe kuthandiza, poti mphepo imaomba ngakhale dzuwa litalowa. Koma musathamangire kukagula musanayeze mphepo ya pamalo panu.

Yambani ndi kuyezako. Kuona zovala zikuuluzika pachingwe si umboni wokwanira. Pezani kachipangizo kotchedwa anemometer, mukamangirire pamwamba pamene mukufuna kudzaika makinawo, ndipo muzilemba liwiro la mphepo kwa miyezi ingapo, ngakhale chaka chathunthu ngati mungathe. Chifukwa chake n'chakuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepoyo imawirikiza ka 8. Makina ambiri amayamba kutulutsa magetsi mphepo ikafika pafupifupi mamita 3 pa sekondi, pamene mawati olembedwa pakatoni amapezeka pa mamita 11 kapena 12, mphepo yogwedeza nthambi zikuluzikulu imene siomba tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze makina amene mapiko ake amazungulira malo a mita imodzi m'mimba mwake. Pa mamita 5 pa sekondi, mphepo yodutsa pamenepo ili ndi mawati pafupifupi 60, ndipo palibe makina amene angatengepo kuposa magawo 59 pa 100 alionse. Kunena zoona, mudzapeza mawati 20 kapena kucheperapo. Mukaona kuti mphepo ya kwanu nthawi zambiri sifika mamita 4 kapena 5, ndalamazo guliranitu panelo ina ndi batire.

Chachiwiri, sankhani malo. Mphepo yodutsa m'mitengo ndi m'nyumba imafika yosokonekera, ndipo makina amangotembenukira uku ndi uku osapanga kanthu. Mlongoti wake upitirire ndi mamita 9 chilichonse chimene chili pamtunda wa mamita 100 kuzungulira. Padenga ine sindilimbikitsa: kunjenjemera kwake kumalowa m'nyumba monse, kumasula misomali komanso kusowetsa tulo. Mlongoti wabwino ndi wotheka kuugoneka pansi, wokhala pa konkire, womangidwa ndi zingwe zachitsulo mbali zinayi, kuti muziutsitsa pokonza m'malo mokwera.

Pogula, onetsetsani kuti mavolti a makinawo akufanana ndi a mabatire anu, kaya 12, 24 kapena 48.

Tsopano pofunika kumvetsetsa kwambiri ndi apa. Musalumikize makina a mphepo ku kontrola ya sola. Mabatire akadzaza, kontrola ya sola imangodula magetsi, panelo n'kukhala phee padzuwa popanda vuto. Makina a mphepo satero ayi. Chimene chimawagwira kuti asathamange mopyola muyeso ndi magetsi amene akukokedwa kwa iwo. Mukawadula mphepo ikuomba, amazungulira mosadziletsa, mavolti amakwera, ndipo mapiko angathe kuthothoka n'kuvulaza munthu. Choncho amafuna kontrola yawoyawo yokhala ndi dump load, kachipangizo kamene kamalandira magetsi otsala n'kuwasandutsa kutentha. Kamatentha ndithu, ndiye kaikeni pamalo opita mphepo, kutali ndi zinthu zoyaka. Ena amaikapo chotenthetsera madzi kuti mphamvuyo isapite pachabe, ndipo ndi nzeru yabwino bola madzi asamaphwe. Amene muli ndi mabatire a lithium samalani koposa, chifukwa BMS yake, mbali imene imateteza batireyo, imadzidula yokha batire ikadzaza, makina n'kutsala opanda chowagwira ngati dump load palibe.

Kalumikizidwe kake nkotere. Makina ambiri amatsitsa mawaya atatu a AC. Mawayawo adutse kaye pa switchi ya buleki, imene imawagundanitsa onse atatu kuti mapiko aime. Kenako alowe mu rectifier yosandutsa AC kukhala DC, imene nthawi zambiri imakhala m'kati mwa kontrola momwemo. Kuchoka pa kontrola, waya apite ku mabatire omwewo amene sola ikutchaja, fyuzi ili pafupi ndi batire. Makontrola awiriwo muwatchere mavolti ogwirizana kuti asamalimbane. Lumikizani batire ku kontrola poyamba, makina pomaliza. Waya akhale wonenepa, chifukwa mtunda wochoka pamlongoti ndi wautali ndipo waya woonda amadya magetsi panjira. Mlongoti wachitsulo umakoka mphezi, choncho ulumikizeni ku ndodo ya kopa yokhomeredwa pansi. Ngati simunagwirepo ntchito ya magetsi, gawo limeneli itanirani katswiri.

Dzutsani mlongoti tsiku lopanda mphepo, buleki ili yotseka kuti mapiko asazungulire, muli anthu angapo ndipo pansi pake pasaime munthu. Pakatha mlungu umodzi, kungani zingwe zonse. Kenako chaka chilichonse muziutsitsa, kumanga mabawuti, kuyang'ana ming'alu pa mapiko ndi kumvetsera ngati mabering'i ayamba phokoso. Mukamva kuti kukubwera mphepo yamkuntho, tsekani buleki isanafike, chifukwa ikakula bulekiyo ingathe kulephera kuwaimitsa.