Momwe refa angagwirire makochi ndi masapota pa gemu ya sekondale

Ngati mwapatsidwa wezulo kuti muyimbire mpira wa ana asukulu, dziwani kuti anawo savuta kwenikweni, ovuta ndi akuluakulu ali kunja kwa laini. Ndiye musadikire kuti zinthu zitenthe kaye. Mphamvu zanu zimayamba mukangolowa mugalaundi kukayendera bwalo gemu isanayambe, mpaka mutatuluka itatha, zili mu Lamulo 5 la malamulo a mpira a IFAB, bungwe lomwe limakhazikitsa malamulo a mpira padziko lonse.

Mukafika funsani kaye kuti wamkulu wa sukulu yomwe yalandira alendo ndi ndani, kaya ndi ahedi kaya aphunzitsi a zamasewero, mumuone nkhope ndipo mugwirizane pomwe aziima. Munthu ameneyu mudzamufuna kwambiri.

Kochi ali m'manja mwanu. Kuyambira 2019 refa atha kuonetsa khadi yachikasu kapena yofiira kwa kochi ndi onse a pa benchi. Koma osathamangira mthumba ayi, yambani ndi kuchenjeza, pitani pafupi mpira ukatuluka, osakuwa, ingonenani kuti "aphunzitsi, ndakumvani, koma zikwane pamenepa." Akapitiliza kutsutsa, kumenya botolo la madzi ndi mwendo kapena kukuomberani m'manja monyoza, imeneyo ndi yachikasu. Akatukwana kapena kulowa m'bwalo kudzakuloza chala kumaso, yofiira basi, ndipo achoke asaonekenso pafupi ndi benchi. Wina akalakwitsa pa benchi koma simunamuone kuti ndi uti, khadi imapita kwa kochi wamkulu. Komanso woimirira nkumapereka malangizo azikhala mmodzi pa nthawi, osati benchi yonse ili chilili.

Masapota nde nkhani ina, ndipo apa mpomwe marefa ambiri achinyamata amalakwitsa. Kholo lomwe likutukwana kunja kwa chingwe simungalionetse khadi, khadi siigwira ntchito pamenepo, ndipo mukangoyamba kuyankhana nalo mwaluza kale chifukwa gulu lonse likutembenukirani. Chida chanu ndi kuimitsa gemu. Imbani wezulo, nyamulani mpira m'manja, itanani wamkulu wa sukulu uja mumuuze kuti bambo avala malaya ofiira awo achoke, apo ayi sitipitiliza. Iyeyo ndiye akawachotse, osati inu. Zikakanika, anthu ayamba kugenda kapena kukhamukira m'bwalo, lamulo likukulolani kuthetseratu gemuyo, ndipo musachite nazo manyazi, mwana wa zaka 15 asavulale chifukwa choti mumaopa kukhumudwitsa anthu.

Sapota akalowa m'bwalo nkusokoneza masewero, mumaimitsa, achotsedwe, kenako mumayambitsanso poponya mpira pansi.

Pomaliza lembani lipoti tsiku lomwelo mutu ukadali bwino, mphindi yomwe zachitika, mawu enieni omwe ananenedwa ngakhale akhale onyansa bwanji, ndi amene munamuitana kuti athandize. Za chilango ndi mapointi asiyireni oyendetsa ligi, imeneyo si ntchito yanu.