Mmene mungalowere ntchito yochiza ululu wamgonagona ndi kafukufuku wa neuromodulation

Ululu ukadutsa miyezi itatu osatha, kapena ukamangobwerabwera kupitirira pamenepo, madokotala amautcha wamgonagona. Mndandanda wa matenda wa bungwe la WHO wotchedwa ICD-11, umene udayamba kugwira ntchito mu 2022, udaupatsa gawo lakelake, chifukwa nthawi zina ululuwo ndiwo nthenda yeniyeniyo. Bala lidapola kalekale, fupa lidalumikizika, koma mitsempha ikuuzabe ubongo kuti pakupweteka. Neuromodulation ndi kusintha uthenga umenewu pogwiritsa ntchito magetsi ochepa zedi, maginito, kapena mankhwala othiridwa pafupi ndi mtsempha waukulu wa mumsana.

Ophunzira ambiri amakopeka ndi tizipangizo tochitira zimenezi, ndipo m'pomveka. Koma wothandizadi odwala ndi uja wodziwa kusankha woyenera kuikidwa kachipangizo, n'kuyeza moona ngati kamuthandiza. Dzanja limazolowera singano m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Kusankhako n'komwe kumatenga zaka, choncho yambani nako msanga.

Khomo lolowera

Mukamaliza sukulu ya udokotala mumayamba mwatenga ukatswiri wina. Ambiri amadzera ku anaesthesia, ntchito yogoneka odwala ndi kuwachititsa dzanzi pa opaleshoni, chifukwa kumeneko singano ya pamsana ndi ya tsiku ndi tsiku. John Bonica, amene adasonkhanitsa akatswiri mu 1973 n'kuyambitsa bungwe la International Association for the Study of Pain (IASP), adali dokotala wa anaesthesia. Ena amadzera ku matenda a mitsempha ndi ubongo, ku ukatswiri wobwezeretsa mphamvu za thupi, kapena ku matenda a maganizo. Ku America mumachita zaka 4 za residency, maphunziro a ukatswiri m'chipatala, kenako miyezi 12 ya fellowship ya ululu, maphunziro owonjezera ovomerezeka ndi ACGME, bungwe loyang'anira maphunzirowa, n'kulemba mayeso. Ku UK njira imadzera ku Faculty of Pain Medicine ya Royal College of Anaesthetists, ndipo mayeso ake ndi FFPMRCA. Ku Australia ndi New Zealand maphunziro a ululu a pansi pa ANZCA, koleji ya madokotala a anaesthesia, ndi a zaka 2. Palinso mayeso a FIPP a World Institute of Pain, amene amayesa luso la manja pa matupi ophunzirira, ndi dipuloma ya EDPM ya European Pain Federation. Ziwirizi zimachitira umboni luso lanu, koma chilolezo chogwirira ntchito chimachokerabe ku bungwe la madokotala la dziko limene mukufuna kugwirako.

Ofuna kuika mawaya mu ubongo, kapena waya wophwatalala uja amene amafunika kudula kachigawo ka fupa la msana, ayenera kudzera ku opaleshoni ya ubongo ndi msana. Ndipo si madokotala okha ofunika: anamwino, akatswiri a fiziyo, a za maganizo ndi mainjiniya a zipangizo zachipatala ali ndi malo enieni m'gululi.

Posankha kophunzira, funsani mafunso okhwima. Wophunzira mmodzi amaika mawaya angati ndi manja ake? Kodi katswiri wa za maganizo amaona wodwala aliyense asanaikidwe kachipangizo? Nanga tizipangizo tingati tidachotsedwa m'zaka ziwiri zapitazi, ndipo chifukwa chiyani? Malo osadziwa yankho la funso lomalizali ndiye kuti satsatira odwala awo, ndipo sangakuphunzitseni zimene iwo eni sachita.

Musanagwire singano

Phunzirani kusiyanitsa mitundu itatu ya ululu: wochokera ku chiwalo chovulala kapena chotupa, wochokera ku mtsempha wowonongeka, ndi wotchedwa nociplastic, pamene mitsempha imakuza uthenga popanda chovulala chooneka, monga pa fibromyalgia, nthenda ya ululu wofalikira m'thupi. Magetsi a pamsana amathandiza makamaka mtundu wachiwiri: ululu wa mwendo wotsalira pambuyo pa opaleshoni ya msana, nthenda ya CRPS (ululu woopsa wa dzanja kapena mwendo, kawirikawiri pambuyo pa kuvulala), ndi kuotcha kwa mapazi kwa odwala shuga.

Mvetserani mawu a wodwala. Akati kukuotcha, kukulasa ngati magetsi, kapena kuti chofunda chikakhudza phazi usiku amadzidzimuka, tengani kathonje mupukute pang'ono pamalopo. Akabweza phazi ndi kathonje chabe, mwapeza allodynia. Mafunso ofufuzira ululu wa mitsempha otchedwa DN4 ali ndi mfundo 10, ndipo 4 kapena kuposa zimaloza ku mtsempha wowonongeka. CRPS imatsimikizidwa ndi mfundo za Budapest, zimene zimafuna kuti muone ndi maso kusiyana kwa kutentha, mtundu wa khungu, kutupa ndi kayendedwe ka chiwalo.

Nambala ya ululu ya 0 mpaka 10 payokha ndi yosakwanira. Onjezani Oswestry Disability Index kapena Brief Pain Inventory, mafunso oyeza mmene ululu ukusokonezera ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo lembani chinthu chimodzi chimene wodwalayo akufuna kuchitanso: kuimirira mphindi 20, kugona maola 5 osadzuka. Fufuzaninso ngati amitriptyline, duloxetine, gabapentin kapena pregabalin adamwedwa pa mlingo wokwanira komanso kwa nthawi yokwanira, pakuti ambiri olembedwa kuti "mankhwala adakanika" adangomwa masiku ochepa n'kusiya chifukwa cha chizungulire. Amene ali pa mankhwala a opioid, monga morphine, musawadule mwadzidzidzi, amatsitsidwa pang'onopang'ono. Munthu wovutika maganizo kwambiri amene sanalandire chithandizo, kapena woyembekezera kuti ululu utheratu, sanafike poikidwa kanthu. Kumuuza zimenezi mwachifundo ndi gawo la ntchito.

Kuika waya woyesera

Maziko ake ndi a 1965, pamene Ronald Melzack ndi Patrick Wall adafotokoza kuti mumtsempha wa msana muli ngati chipata, ndipo mitsempha ikuluikulu yomva kukhudza ikagwira ntchito imachepetsa uthenga wa ululu. Mu 1967 Norman Shealy adaika kachipangizo koyamba mwa munthu.

Masiku ano mumayamba ndi kuyesa. Wodwala amagona chafufumimba, makina a ekisireyi otchedwa C-arm ali pamwamba pake. Singano ya Tuohy ya 14G imalowa chapambali pang'ono pa mzere wapakati, mopendekera kosaposa madigiri 45, kulunjika pa mpata wa mafupa a msana wa T12-L1 kapena L1-L2. Jakisoni ali m'dzanja akangofewa mwadzidzidzi, mwafika mu epidural, mpata umene uli kunja kwa chikuto cha mtsempha wa msana. Waya, umene kawirikawiri umakhala ndi timfundo ta magetsi 8, umakankhidwa pang'onopang'ono mpaka pa T8 kufikira T10 ngati ululu uli m'chiuno ndi m'miyendo. Nthawi zonse jambulaninso cham'mbali. Waya ungaoneke bwino kuchokera kumbuyo koma utatsetserekera kutsogolo, ndipo mukayatsa wodwala amamva minofu ikukoka mopweteka m'nthiti kapena pamimba. Kuyesa kumatenga masiku pafupifupi 5 mpaka 7, ndipo muyezo wozolowereka ndi woti ululu utsike ndi theka. Zikatero m'pamene batire imaikidwa pansi pa khungu.

Dziwani kusiyana kwa kayendetsedwe ka magetsi. Kakale kaja, ka 40 mpaka 60 Hz (kugunda pa sekondi), kamamveka ngati nyerere, ndipo nyererezo ziyenera kuphimba pamene pakupweteka. Ka 10 kHz, kamene bungwe la ku America loyang'anira mankhwala la FDA lidavomereza mu 2015, sikamveka. Kulinso burst, magetsi obwera m'timagulu, ndi kuika waya pa dorsal root ganglion, kamfundo ka mtsempha ka pambali pa msana, kovomerezedwa mu 2016 pa CRPS ya m'miyendo, kumene kumafika bwino pamalo aang'ono ngati phazi. Tizipangizo ta closed-loop timayeza yankho la mtsempha n'kusintha mphamvu tokha, chifukwa munthu akakhosomola kapena kugona chagada mtsempha umayandikira waya ndipo magetsi amakula mwadzidzidzi.

Zimene zimalakwika

Vuto lofala ndi kusuntha kwa waya. Limabwera waya ukamangidwa mofooka, kapena wodwala akayamba kuwerama, kupotokola msana ndi kunyamula zolemera masabata 6 mpaka 8 asanathe. Mangirirani pa fascia, nembanemba yolimba yokuta minofu, osati pamafuta, ndipo siyani kakhoto ka waya koti kazitambasuka. Matenda a pabala amakonda kuyambira pamene pali batire, kawirikawiri ndi Staphylococcus aureus, ndipo shuga wokwera ndi fodya zimawonjezera chiopsezo. Mafinya akalowa mkati, chotsani zonse. Maantibayotiki okha sayeretsa chitsulo. Singano ikaboola dura, chikuto cha mtsempha wa msana, wodwala amamva mutu akakhala tsonga, n'kumaleka akagona.

Choopsa koposa ndi magazi oundana mu epidural. N'chifukwa chake mankhwala osungunula magazi amaimitsidwa motsatira malangizo ngati a ASRA, bungwe la ku America la madokotala a dzanzi ndi ululu, mogwirizana ndi dokotala amene adawalemba. Miyendo ikayamba kufooka kapena mkodzo ukavuta, jambulani msana nthawi yomweyo ndipo itanani dokotala wa opaleshoni, chifukwa maola ochepa ndiwo amasiyanitsa kuchira ndi kupuwala.

Wodwala akabwera pakatha chaka n'kunena kuti kachipangizo sikakugwiranso ntchito, yezani impedance, kuvuta kwa magetsi kudutsa, kuti muone ngati waya waduka, yerekezani ekisireyi yatsopano ndi yoyamba, kenako sinthani pulogalamu. Pa mapampu othira morphine kapena baclofen mumsana, kuphonya khomo la pampu podzaza n'kuthira mankhwalawo pansi pa khungu kungaphe munthu, ndipo baclofen, mankhwala ofewetsa minofu, akaduka mwadzidzidzi ndi ngozinso. Dzitetezeni inunso: valani chovala cha mtovu, chotchinga pakhosi ndi dosimeter, kachipangizo koyeza cheza cha ekisireyi. Mukawirikiza kawiri mtunda wanu kuchokera pa gwero, cheza chokufikani chimatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Kulowa mu kafukufuku

Apa m'pamene pakusoweka anthu. Kafukufuku wambiri woonetsa zotsatira zabwino adalipiridwa ndi opanga tizipangizo, ndipo odwala ankadziwa chimene alandira. Magetsi omveka ngati nyerere sangabisike, koma osamvekawo amatheka kuyerekezedwa ndi kachipangizo kozimitsidwa. Kafukufuku wa ku Trondheim, ku Norway, wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2022, adachita zimenezi pa odwala 50 ndipo sadapeze kusiyana kwenikweni pakati pa burst ndi kozimitsidwa. Kuunika kwa 2023 kwa Cochrane, bungwe losonkhanitsa umboni wa kafukufuku, kudatinso umboni sukuonetsa phindu lokhalitsa pa ululu wa msana. Akatswiri ena adatsutsa kachitidwe kake, ndipo mkanganowo ukadalipo. Werengani mbali zonse ziwiri musanatsatire aliyense.

Tengani satifiketi ya Good Clinical Practice. Phunzirani masamu a kafukufuku ndi pulogalamu ya pakompyuta ya R kapena Python. Okonda zamagetsi a mitsempha awonjezere MATLAB. Digiri ya masters ya epidemiology, maphunziro a kafalidwe ka matenda, imakwanira kwa ambiri, koma wofuna kutsogolera labotale afunika PhD. Kafukufuku aliyense adutse ku komiti yoteteza anthu ofufuzidwa, ndipo alembetsedwe, monga pa ClinicalTrials.gov, wodwala woyamba asanalowe. Sankhiranitu chotsatira chachikulu chimodzi. Gulu la akatswiri a kafukufuku wa ululu la IMMPACT limati kutsika kwa ululu ndi 30 peresenti ndi phindu lapakati, ndi 50 peresenti ndi lalikulu. Ndalama kapena ulendo uliwonse wolipiridwa ndi kampani muziulule.

Ngati komwe muli kulibe tizipangizo toika m'thupi, pali rTMS, maginito a 10 Hz olunjikitsidwa pa gawo la ubongo loyendetsa minofu, kumbali yoyang'anana ndi ululu, mutafufuza kaye za khunyu. Palinso tDCS, magetsi ochepa odutsa pakhungu la kumutu, kawirikawiri 2 mA kwa mphindi 20. Pa kafukufuku, zonsezi n'zosavutirapo kuziyerekeza ndi chithandizo chongoyerekezera.

Ntchito yoyamba ikhale yaing'ono. Pemphani chilolezo chounika mafayilo a odwala onse amene adalandira chithandizo china pachipatala chanu, mulembe nthenda, nambala ya ululu ndi Oswestry poyamba, pa miyezi 6 ndi pa miyezi 12, mlingo wa opioid, ndi zovuta zimene zidabwera. Amene sadabwerenso muwaimbire foni, chifukwa ena mwa iwo ndi aja sadathandizike, ndipo mukawasiya zotsatira zidzaoneka zokoma kuposa zenizeni. Mukamaliza, tumizani chidule chake ku msonkhano wa International Neuromodulation Society kapena wa IASP.